Mmene Ndinawatulutsira Mai Lovemore M'nyumba Mwanu

Amayi, kumene muliko mukukhala bwanji?

Kuno ku Chinengundu tilipo. Mkazi wa mwana wanu Yohane anachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Chipumi n'chanu chomwe chija. Chimanga cha kumunda wa kumsewu wa ku Selous chinachita bwino kumtunda kokha, kumunsi madzi anachuluka. Komabe sadza, nsima yathu ija, tidya mpaka mvula. Denga la kukhitchini layambanso kudontha, Yohane akungoti abwera mawa.

Mukuwakumbukira Mai Lovemore a ku Pfupajena, anzanu a ku Mvano, amene ankadzakuphikirani phala muli gone? Inu munkati awatuma ndi Mulungu. Ine ndinkaona mmene ankagwadira powathirira ababa madzi osamba m'manja, koma ndinkatseka pakamwa poopa kukuwonjezerani matenda. Nkhata za pamanda panu zisanaume, ababa anabwera nawo kuno ndi masutikesi awo. Anagona pabedi panu. Kutacha ndinawapeza akusesa pakhomo atavala chitenje chanu chabuluu chimene munkasungira Isitala.

Nyumbayi munaipeza ndi thukuta lanu ku fakitale ya nsalu, ndipo munaisiya m'dzina langa. Koma akulu a mpingo anandiuza kuti mwana sathamangitsa mkazi wa bambo ake. Ndinawamvera. Ndinapirira Mai Lovemore ataika wailesi yakanema pamwamba pa piyano yanu. Ndinapirira atatsikizapo poto wamoto mpaka kusiya chipsera. Piyano imene munainyamula pa thirakitala tsiku limene kalabu ya antchito inatsekedwa, imene simunkalola munthu kuikhudza asanasambe m'manja.

Tsiku lina pochokera kuntchito ndinapeza bambo wina akuiyeza ndi chingwe. Anali mwini bala, ankafuna ikakongoletse pakona. Nditafunsa, Mai Lovemore sanandiyang'ane n'komwe.

"Chimangodya malo ichi," anatero. "Woimba wake anapita."

Bambo uja ndinamuperekeza mpaka pageti. Kenako ndinatsitsa wailesi, n'kutsegula mpando wa piyano, muja munali buku lakale limene linabwera nayo. Inu simunkaliimba, munkati manotsi ake ali ngati nyerere pashuga. Ine munangondiphunzitsa nyimbo za m'tchalitchi, zoyenda pang'onopang'ono. Ndinatembenuza masamba kufunafuna nyimbo yakuda ndi manotsi kuposa zonse, ndipo ndinaipeza.

Loweruka ndinakwera kombi, minibasi ija, kupita ku Kadoma kwa Mai Moyo, mphunzitsi wopuma amene amaphunzitsa ana piyano kunyumba kwake. Ataona tsambalo anavula magalasi n'kuseka. Anati nyimbo zoterezi azungu akale ankazilembera kulimbitsa zala, ndipo amene amaziimba amayamba mano asanaguluke, osati mayi wa imvi ngati ine. Dzanja lamanzere limathamanga kukwera ndi kutsika osapuma, lamanja likuwomba pamwamba. Anandifunsa chimene ndasankhira imeneyo. Ndinawauza zoona, kuti ndi yaphokoso. Kenako anati tiyambe ndi mzere woyamba, dzanja limodzi, pang'onopang'ono ngati woyenda pamatope.

Amayi, Mai Moyo sanadziwe kuti andipatsa mkwapulo. Nyimbo yathunthu munthu angaipirire. Koma mzere umodzi wokhawokha, kulakwitsa pamalo amodzimodzi, kubwerera, kulakwitsanso, tsiku ndi tsiku, m'nyumba ya makoma opyapyala ngati ino! Mai Lovemore amadwala mutu waching'alang'ala ndipo amagona masana. Ndinapempha kuntchito kuti ndizilowa m'mamawa, ndipo akamangotseka chitseko cha kuchipinda ine ndinkatsegula piyano. Alendo awo akabwera kudzamwa tiyi m'makapu anu, ndinkawapatsa moni mwaulemu wonse, n'kukhala pansi kuyamba.

Mai Lovemore anakhoma chivundikiro cha piyano n'kubisa kiyi. Ndinamasula loko ndi mpeni wa patebulo. Anakandinenera kwa akulu a mpingo, koma atabwera sanaonepo mlandu, poti anapeza mwana akuphunzira piyano ya mayi ake dzuwa likuswa mtengo. Ababa ankangotenga chipewa chawo n'kukakhala pansi pa mpapaya kuseri.

Sizinali zophweka kwa inenso. Chala chaching'ono chakumanzere chinali chofooka ngati udzu, chinkapindika nthawi yoti chigunde. Mkono unatupa mpaka ndinkalephera kufinya zovala. Mai Moyo anandikalipira kuti ndikumenya makiyi ngati ndikupha njoka, anati ndimasule phewa, zala zizigwa zokha. Anandiletsa dzanja lamanzere mpaka kutupa kuthe. Mai Lovemore ataona bandeji anaimba nyimbo yotamanda akutsuka mbale. Madzulo omwewo ndinayamba mbali ya dzanja lamanja.

Chaka chinatembenuka, dzinja n'kubweranso. Ndiye tsiku lina masana, mvula ikuwaza, manja awiri anagwirizana. Lamanzere linathamanga lokha ngati si langa, lamanja likugwa pamalo pake, ndipo ndinadutsa masamba oyamba osaima. Sindikunamizani, panthawiyo ndinaiwala kuti m'nyumba muli munthu wina. Ndinkangofuna mukanakhala pampando wanu mukumva. Nditakweza manja ndinaona masutikesi pakhomo la kuchipinda. Mai Lovemore anali atamanga duku, maso ali psu. Anati akupita kwa mchemwali wawo ku famu ya ku Selous, kuti sangakhale ndi mfiti. Ndinawapempha asiye chitenje chabuluu. Anachiponya pansi, ine n'kutola, n'kuchichapa kawiri.

Chimene sindinayembekeze n'chakuti ababa anatuluka kumbuyo kwawo atanyamula chikwama chawo cha mankhwala. Anaima pafupi ndi piyano, dzanja lawo pa chipsera chija.

"Rute, amayi ako sankaiimba choncho," anatero.

"Amayi ankapirira, ababa," ndinawayankha. "Mwaona kumene kunawafikitsa."

Ababa anavala chipewa n'kutsatira mkazi wawo kumsewu.

Tsopano akukhala m'kachipinda kamodzi ku komboni ya pafamu, ndipo chifuwa chawo chabwereranso. Yohane sakundilankhula bwino, akuti ndathamangitsa bambo wondibala chifukwa cha thabwa. Ndinawatumizira bulangete ndi mapiritsi pa kombi, pamodzi ndi uthenga woti chipinda chawo chilipo tsiku lililonse limene angabwere okha. Bulangete analandira. Uthenga sanayankhe.

Mwina kumeneko mukupukusa mutu, monga munkachitira ndikakana kupepesa ndili mwana. Pukusani, Amayi. Sindikumva chisoni ndi mayi uja, ndipo atabwerera mawa ndingayambirenso mzere woyamba.

Nyimboyo sindinaimalize. Chakumapeto kwake pali malo amene imatsika n'kumanong'ona, ndipo Mai Moyo akuti pamenepo ndiye povuta kuposa ponse. Ndikafikapo zala zimangogunda, zinazolowera. Loweruka ndikupitanso ku Kadoma.

Ndimakukondani monga kale. Ndikulonjeza kuti pamene tizidzaika mwala pamanda panu ndidzakhala nditaphunzira malo ofatsawo, ndiponso kuti mayi uja sadzapondanso pakhomo panu ine ndili moyo.

Ndine mwana wanu,
Rute