Mpira wa Mabvuto Wakana Kukhota

Lachinayi. Tsiku loipa.

Ndine ndinaumirira m'komiti kuti Mabvuto wa ku Lubuto, ku Ndola, alowe m'timu ya dziko yopita kunja ya kiriketi, masewera aja oti wina aponya mpira, wina n'kuumenya ndi thabwa. Ndinachotsetsa katswiri wakale ndi Chingerezi changa chonse cha ku yunivesite. Ndinati mwanayu akaponya, mpira umagunda pansi n'kukhota ngati minibasi yozemba apolisi.

Koma zodabwitsa zakezo amachitira pa bwalo lathu la simenti, pomwe kunjako amasewera pa kapinga. Lero tamuyesa koyamba pa kapinga ku Kitwe. Mpira umangowongoka ngati msewu wa ku Ndola, omenya n'kumauchapa mosangalala.

Mabvuto wabwera kwa ine. "Ba kochi, zala zili bwino, koma nthakayi sikundidziwa."

Ndiye nthakayo ndiipititse kusukulu?

Masana amayi ake andiimbira foni. "Aphunzitsi, alengeza kale kutchalitchi. Kwaya yonse idzamuperekeza ku eyapoti!"

Ine, mwini pakamwa pakuthwa, ndangoti, "Zikomo, mayi."

Mayina anatumizidwa kale, ndege ndi Lolemba. Ndinamunyamula ndekha mwana wa eni kuti akasekedwe kutali. Mawa timuyesanso, koma mpirawo ukakananso kukhota, amayi aja ndidzawauza kuti chiyani?