Mtengo Pamalo pa Nyumba ya Alamu

Lolemba, 10 Malichi

Ndabwerera kuntchito. Aliyense "pepani, pepani." Ine kumangoti zikomo.

Abwana akuti ndijambule dera la kumtsinje mmene lidzaonekere tikalikonza: ngalande zikuluzikulu, masitepe okwerera kumtunda, mitengo, nyumba zonse zisunthire kumtunda. "Anthu mapu sawamva, ajambulireni choti aone ndi maso." Kenako anakumbuka kuti mng'ono wanga madzi anamutengera komweko. Anafunsa ngati apatse wina. Ndati ayi, ndijambula.

Lachitatu, 12 Malichi

Mzere wosonyeza pomwe madzi amafika wadutsa pakati pa nyumba ya alamu, amuna a malemu. Ndinasongola pensulo n'kupitiriza. Pamalo pa nyumbayo ndaikapo mtengo.

Lachinayi, 13 Malichi

Abwana ataona chithunzi: "Chakongola, koma chili zii ngati kumanda. Ikanimo anthu." Anadzigwira pakamwa. Ndaikamo mayi wa ambulera ndi bambo wapanjinga. Nkhope sindinajambule.

Loweruka, 15 Malichi

Msonkhano m'holo ya sukulu, momwe anthu akugonabe. Chithunzi tinachimata pakhoma, pamwamba pa matiresi. Anthu kuunjikana, aliyense chala papepala, kufunafuna pake. Bambo wina: "Ndiye mbuzi zanga zizikwera masitepewa?" Holo yonse kuseka. Ena akuti sasamuka, kumtunda n'kutali ndi msika.

Alamu anaima nthawi yaitali, manja kumbuyo.

"Mtengo wanji uwu, alamu?"

Ndati sindikudziwa, ndi mtengo basi. Anagwedeza mutu n'kutuluka. Ine ndinayamba kutolera mapepala.

Lamulungu, 16 Malichi

Ndachapa. Ndagona. Amayi anaimba foni, ndinangoiyang'ana.

Lachiwiri, 18 Malichi

Alamu anabwera ku ofesi masana, nsapato zili matope okhaokha. Anakana mpando wabwino, kuopa kudetsa. Akuti avomera kusamuka, awapatsa malo kumtunda. Akufuna ndiwajambulire pulani ya nyumba.

Ndinayala pepala. Zipinda ziwiri, khonde laling'ono, maziko okwera. Iwo kunena, ine kujambula, ngati kasitomala aliyense.

"Koma zenera la kukhitchini likhale lalikulu. Paja mng'ono wanu amadandaula za mdima, akuti..."

Anasiyira pomwepo.

Ndinafunsa kuti lalikulu bwanji. Anatambasula manja mpaka anagunda kabati. Ndinatenga rula, koma manambala sankaonekanso. Pepala linanyowa. Alamu anadzuka okha n'kukanditengera lina.