Bawuti yaduka mutu

Loweruka, Kimara. Lero mtima sunakhale m'malo.

Ndinati ndisinthe ndekha shoko yakutsogolo pakhomo pompano, kuti galimoto isamamugwedeze mkazi wanga Tadala popita kuchipatala ku Upanga. Ndi woyembekezera, ndipo masiku ake oti achire atsala pang'ono. Mabawuti awiri anamasuka bwinobwino, koma yachitatu, yapansi ija, inakaniratu chifukwa cha dzimbiri.

A Mbewe, aneba athu oyendetsa lole, anasuzumira pampanda. "Achimwene, thirani mafuta a mabuleki muisiye igone mpaka mawa. Dzimbiri la kuno ndi la mchere, silimva mphamvu." Ndinangovomera pakamwa. Atangochoka ndinalumikiza paipi ku sipanala n'kuiponda ndi thupi lonse. Inalira kuti thwa! ine n'kusangalala kuti yamasuka. Poyang'ana, mutu wa bawuti uli pansi, chotsalacho chakanirira m'kati.

Fundi, mmisiri wowotcherera zitsulo, ndamuimbira katatu. Akuti ali kumaliro ku Morogoro, abwera Lolemba. Galimoto ili pa jeke ndi njerwa, tayala lili poteropo.

Tadala sanandikalipire, ndipo zimenezo ndi zomwe zikundiwawa kwambiri. Anangoyang'ana tayala lija n'kufunsa kuti, "Inu, kodi bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu ija, ingatifikitse msanga ku Upanga msewu utadzaza?" Ndinati inde, ndikudziwa ndithu kuti ndikunama.

Manja akadali akuda ndi girisi. Pano Tadala akundiitana kuchipinda, akuti msana wayamba kumupweteka mwachilendo, ndimutengere chikwama chopita nacho kuchipatala chija...