Katani Inatsekedwa Kasanu ndi Kawiri

Komiti Yoyendetsa Holo Yakale ya Zisudzo
Lachiwiri, 12 Malichi 2024, m'chipinda chovalira, kuseri kwa siteji

Ziwerengero za lero:
Zaka za zisudzo zokha (1968–1983): 15
Zaka za kanema ndi zisudzo (1983–2011): 28
Zaka zotseka, muli matumba a simenti (2011–2024): 13
Zonse pamodzi: 56
Mipando yoyamba, 412, yochotsedwa kuti anthu azivina, 180, yodyedwa ndi chiswe, 17, yotsala, 215.

Analipo: Wapampando, Mlembi, Mkulu wa Bandi, Wang'oma, Wamagetsi, Mayi a Matikiti.
Sanabwere: Telala (akudwala dzino).
Oitanidwa, opanda voti: a Chingwe, amene amakoka katani ya holo ino kuyambira 1972. Iwowa ndi apongozi a Mkulu wa Bandi.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 3:11 masana, mochedwa ndi mphindi khumi ndi imodzi, chifukwa kiyi anatsala m'buluku lina la Wamagetsi.

2. Tsiku loyamba la nyimbo m'holo ino, Loweruka lapitali

Mayi a Matikiti anati munalowa anthu mazana atatu. Mlembi anawerenga 287.

Mkulu wa Bandi anati anaimba nyimbo zisanu ndi zitatu, koma katani inatsekedwa kasanu ndi kawiri asanamalize. Nyimbo iliyonse ikatha anthu n'kuomba m'manja, a Chingwe ankakoka. Kachitatu katani inagwetsa chokuzira mawu. Kachisanu iye anatsala kunja yekha, gitala lili m'manja, bandi yonse ili mkati. Anthu 23 ananyamuka itangotha nyimbo yoyamba poganiza kuti basi zatha, ndipo Mayi a Matikiti anachita kukawabweza pamsewu.

3. Pempho lochotsa katani

Mkulu wa Bandi anapempha kuti katani itsitsidwe, ndipo a Chingwe apumule ndi ulemu wonse. Anapemphanso kuti mawuwa asakafike kunyumba. Wamagetsi anamuuza kuti kunyumbako kwakhala kale pakona apo, pampando wosweka.

Wamagetsi anagwirizana ndi pempholo. Anati katani ndi fumbi lokhalokha, ndipo holo ya nyimbo si malo obisalirana. Mayi a Matikiti anamuyankha kuti katani imeneyo inasokedwa ndi amayi asanu ndi anayi iye asanamere mano, ndipo mmodzi mwa iwo anali azakhali ake, choncho asamale pakamwa. Anawonjezera kuti zaka zonse za simenti, a Chingwe ankabwera kawiri pachaka kudzaikuntha ndi kuthira mafuta m'mawilo, popanda wowatuma. Mlembi anatsimikiza kuti mwa mphete 64 za katani, palibe yadzimbiri.

Wapampando anapempha a Chingwe kuti alankhule. Anawapempha katatu, kachitatu mokweza. Iwo anaimirira chipewa chili m'manja. Mlembi walemba mawu awo monga anawanenera:

"Bambo wapampando, ine nyimbo sindizimva. Makutu anatha ndi kanema. Ndimangosuzumira pakabowo ka m'katani n'kuona manja. Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anati, anthu akaomba m'manja, tseka akadali kuomba. Usamusiye munthu ataima ngati chitsa mpaka manja atatha. Ndiye Loweruka ndinaona anthu akuombera mwana wangayu. Ndinati ndimutsekere zikadali zokoma."

Mkulu wa Bandi ankayang'ana nsapato zake. Kenako anati, "Koma bambo, kasanu ndi kawiri?"

"Ankakuomberatu kasanu ndi kawiri, mkamwini. Ine ndikanatani?"

Wapampando anaimitsa kaye msonkhano mphindi ziwiri kuti Mayi a Matikiti apeze mpango wawo.

Wang'oma, amene anali asanalankhule chiyambire msonkhano, anati vuto si katani, ndi loti palibe amene anawauza akuluwa kuti kunyimbo anthu amaomba m'manja pafupipafupi. Iye amakhala kumbuyo, mapazi anayi kuchokera pachingwe chokokera katani. Anati nyimbo yomaliza ikamatha azikweza timitengo take tiwiri m'mwamba mopingasa, ndipo a Chingwe asamayang'anenso pakabowo, aziyang'ana iye. A Chingwe anafunsa kuti nanga akaiwala. Wang'oma anati akaiwala amukole ndi katani yomweyo. Anayesa pomwepo kanayi pasiteji. Kanayi konse katani inatseka pa nthawi yake, m'masekondi asanu ndi limodzi.

4. Zina ndi zina

Wamagetsi anapempha makwerero aatali. Anakumbutsidwa kuti awiri ali kunyumba kwake.

5. Msonkhano wotsatira

Lachiwiri, 9 Epulo 2024, 3:00 masana. Kiyi asunga Mlembi.

6. Voti pa mfundo yachitatu ndi kutseka

Wapampando anafunsa ofuna kuti katani ichoke. Palibe dzanja linakwera. Wamagetsi anati iye fumbi analizolowera. Atafunsa ofuna kuti katani ikhale ndipo a Chingwe apitirize, manja asanu anakwera nthawi imodzi. La Mkulu wa Bandi linachedwa masekondi atatu, ndipo linakwera litagwira mkono wa apongozi ake. Wapampando anakumbutsa kuti oitanidwa savota. Mlembi anawerenga dzanja lapansi lokha. Msonkhano unatsekedwa 4:26.

Katani ichoke: 0
Katani ikhale, a Chingwe apitirize: 6
Osavota: 0
Onse pamodzi: 6

Ndawerenga kawiri, zagwirizana.

Wapampando: ______________
Ine, Mlembi: ______________