Pansi pa Zenera Lofiira

Lachitatu, pa 14 Meyi

Okondedwa Achemwali,

Kuno tonse tili bwino, kaya inu kumeneko ndi ntchito yanu yosapumitsayo. Ndikudziwa kuti mtima uli m'mwamba chifukwa cha kalata yanga ija, yomwe ndinati ahedi akufuna mwana wanu abwereze sitandade wani poti sakutha kulemba. Khazikani mtima pansi, mumve.

Ahedi athu anapita kumaphunziro, n'kubwerako ndi mapepala apulasitiki amitundumitundu oti aphunzitsife timate m'mazenera a m'kalasi. Akuti kuwala kwa mtundu kumathandiza ana kutchera khutu. Ine ndinaseka chamumtima. Ana makumi asanu ndi limodzi, amene ndodo yomwe inawalephera, akawagonjetse pepala? Komabe wamkulu sawuzidwa, ndinamata.

Kunena zoona, mbali ya buluu phokoso linachepa, ngakhale awiri atatu amangosinzapo. Kona yofiira ndiye onse ankaithawa, ati imawawitsa maso. Koma Gulugufe wanu uja, amene sakhala pansi ngakhale pakudya, anakakhazikika komweko, phee, mutu uli m'kope. Ndinayamba kudzitama kuti ndine katswiri.

Tsiku lina ndinamufunsa kuti, “Iwe, wakondanji kuno?”

Anaiwala zonditchula Madamu, n'kunong'ona: “Mayi aang'ono, kunotu zothetha zanu sizioneka.”

Ndinawerama kuyang'ana. Zoonadi, achemwali! M'kuwala kofiirako inki ya bolopeni yanga yofiira inali itazilala, patsamba pangotsala timalemba take ta pensulo. Nditapita nalo pakhomo kope lija, mitanda yanga inabwerera, tsamba lililonse psuu ngati pophera nkhuku. Ndinachita manyazi kwambiri. Poopa kuti anthu anganene kuti ndikukondera mwana wa mkulu wanga, ndinkamuthetha kuposa anzake onse, mpaka mwana kumaopa kutsegula kope lake lomwe. Izi sindinakuuzeni m'kalata ija. Ndinangoti ndi wosewera. Mundikhululukire.

Bolopeni ija ndinaitsekera m'kabati. Tsopano ndimachonga ndi pensulo zokhazo zimene wakhoza, zinazo timakonzera limodzi. Ahedi akuuza aliyense kuti mapepala awo achita zodabwitsa, ine ndimangoti, “Eya, bwana.” Dzulo aona kope lake, ndipo anena kuti akapitiriza chonchi, za kubwereza tiziiwale.

Mukamabwera mumugulireko nsapato, zija zayamba kumuluma. Alamu anu akupereka moni. Moni winawo sindikulemberani ine, mwini wake walanda pensulo, ndipo ndalonjeza kuti sindikonzapo kanthu.

Ndine mng'ono wanu,
Mphunzitsi wophunzitsidwa

amai ndine ndalemba ndeka. muzabwele muzaone kope langa