Muyeso wa Mbatata Yootcha

Bambo a Joan,

Tangoganizani, mayi anu akhala akuyeza bwanji chakudya chawo? Agwa m'bafa m'mawa uno, shuga wakwera kwambiri, ndipo akulankhula movutikira. Ndikuthamangira nawo kuchipatala pa galimoto ya aneba athu a Kalimu. Pepani, sindinaphike, ndipo foni yanu sikupezeka.

Mubweretse bulangete ndi zovala zawo. Joan mukamusiye ku Soche kwa azakhali ake.

Paja anamwino anati mbatata ndi maungu zootcha n'zabwino kuposa zokazinga, bola zisapose chibakera chimodzi. Ine ndinkaotcha tsiku lililonse monyadira, mayi n'kumadzitapira okha, osawayang'anira. Ndawafunsa tikuwadzutsa, akuti lamulo sanaliphwanyepo. Amayezera chibakera chanu chachikulu cha umakaniko chija, osati chawo.