Alamu Anamasula Mkono wa Mateyu

Chintheche,
Nkhata Bay.
9 Novembala 2024

Okondedwa Achemwali a Doris,

Poyamba ndifunse za moyo wanu kumeneko ku Kepi, pamodzi ndi mabwana anu ndi agalu awo aja mumati amadya bwino kuposa ife. Kuno tilipo. Dzuwa lafika poipa, mvula ikungoopseza, ndipo ku esiteti mitengo ya mphira ikutulutsa utomoni wochepa, moti ndikumacheka mitengo m'mawa wonse n'kubwera ndi ndowa yosadzaza. Amayi miyendo ija ikuwavutabe. Mlamu wanu Winnie ali bwino, wanenepa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chikhalirecho timalankhulana pa foni. Ndapatsira a Queen amene akukwera basi Lachiwiri kukaoda katundu, ndipo ndawapempha kuti akupatseni pamanja. Pali kanema wina amene akuyenda m'mafoni a anthu kuno, wafika kale ku Mzuzu, ndipo kumeneko Atonga ndi ambiri, sachedwa kukutumizirani. Ndiye ndati mumve kwa ine. Amuna anu a Raimundo sanaterereke kubafa monga ndinakuuzirani.

Musathamangire kumapeto kwa kalata. Ndiyambira patali, chifukwa inu mumangodziwa mbali yanu.

Mukukumbukira tsiku lija munatsika nawo basi pa Chintheche chaka chatha. Anthu anasiya malonda kudzaona makutu awo otupa ngati bowa, ena n'kumakangana ngati munthu wa ku Brazil wakhungu ngati lathuli angatchedwe mzungu. Munati mapepala awo atha, kanyumba ka kwa abwana salola mwamuna, ndiye akhale ndi ife mpaka mutakonza zinthu. Munandisiyira malamulo atatu: mapiritsi m'mawa uliwonse, mowa ayi, ndipo mutu wawo usakhudzidwe ndi chilichonse chifukwa adokotala anati kugunda kumodzi kokha kungawamalize. Ndinavomera. Ndinachita kugwira pamtima, mukukumbukira.

Mbiri yawo ndimaidziwa kuposa inu, chifukwa ndine ndinkakhala nawo pakhonde kuonera makanema pafoni yawo yosweka galasi ija. Anayamba ali mnyamata wosenza nsomba padoko la kwawo ku Manaus. Anamenya ndewu 31 m'khola la waya lija, momwe amaloleza nkhonya, mateche, zigongono ndi kupinda munthu ngati mphasa, ndipo anawina 19. Ku Japan anathyola mkono wa munthu anthu n'kumawomba m'manja mwaulemu ngati ali m'tchalitchi. Ku Sao Paulo anawaveka lamba, amene anakhala naye miyezi isanu ndi iwiri yokha. Kenaka ku Russia wina anawagwetsa ndi bondo, ndipo kuchokera pamenepo ankangoitanidwa kuti ongoyamba kumene aziphunzirirapo kugwetsa munthu wa dzina. Ndewu zisanu ndi imodzi zomaliza anazithera chagada. Makanema amenewo sankandionetsa. Ndinawafufuza ndekha, ndipo ndivomere kuti ndi amene ndinkawakonda. Ya ku Joni, imene inawaphera diso lakumanzere, ndinaionera mwina kakhumi. Inu munawatola pamenepo mukukolopa mu jimu, munthu atatha kale, ife n'kumavina kuno kuti achemwali akwatiwa ndi katswiri.

Poyamba ndinkawanyadira, ndisaname. Tsiku lina ndinawatengera ku esiteti, ndipo atangomva fungo la utomoni anakhala pansi n'kulira. Anati mitengo imeneyi ndi ya kwawo, agogo awo anafera pa ntchito yomweyi m'nkhalango. Anandilanda mpeni n'kucheka mtengo mwaukhondo kuposa ine amene ndakulira momwemo, akapitawo akuona. Kunyumba nako Amayi akapha nkhuku, nthutumba imene ndakhala ndikudya chimwalirireni Abambo inayamba kupita m'mbale ya alamu. Ndi zazing'ono, mungatero. Inu simunalipo.

Chachikulu chinachitika mu Febuluwale, padambo pamene amayi amaviika chinangwa. Ndinkawaseleula kuti ndewu zawo zija ndi za mufilimu. Iwo anaseka, nati ndibwere andionetse. Asanandigwire anandiphunzitsa lamulo limene amati limaposa malamulo onse pa masewero awo.

"Alamu, ukamva kupweteka, menya katatu ndi dzanja," anatero m'Chichewa chawo chopunduka chija. "Pa ine, kaya pansi. Ine kusiya pompo. Munthu wosasiya, galu."

Anandikulunga khosi ndi mkono. Ndinamva kupweteka, koma Winnie anali pomwepo ndi anzake, ndiye ndinati mwamuna samenya pansi. Ndinadzidzimuka ndili chagada, alamu atandikweza miyendo m'mwamba, buluku langa litanyowa mpaka m'mawondo. Amayi aja anaseka mpaka wina anagwera m'madzi a chinangwa. Winnie anabisa nkhope m'chitenje, koma mapewa ake ndinawaona akugwedezeka. Alamu anapepesa sabata yonse, koma madzi akatayika saoleka. Kuyambira tsiku limenelo, kuchokera pa Bandawe mpaka pa Kande, dzina langa linali a Likodzo. Ngakhale makondakitala a minibasi ankaitana choncho, n'kumati ndikhale pafupi ndi khomo.

Ndinakhala nalo dzinalo miyezi isanu ndi itatu, achemwali, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawapatsa amuna anu mapiritsi ndi kapu ya madzi.

Ku Tukombo kuli msodzi wina dzina lake Mateyu, chimunthu chimene chimanyamula injini ya boti chokha paphewa. Tinakumana pa bawo ku Kande, ndipo anayankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Ada Likodzo, mlamu wanu uja amangolimbana ndi odwala. Mubwere naye kuno aone mwamuna."

Ndikanati ndinkafuna kuti alamu amuphunzitse Mateyu mwambo, likanakhala bodza. Ndikanati ndinkafuna kuti alamu avulale, mwina nalonso ndi bodza. Ndinkafuna anthu aone munthu wina atagona pamchenga amene si ine. Kaya akhale ndani, ndinalibe nazo.

Alamu sindinavutike kuwakopa. Ndinangowauza kuti pa Tsiku la Anakubala kunyanja kudzadzaza anthu, ndipo akufuna kuona masewero a ku Brazil. Anasangalala ngati mwana. Anatulutsa kabudula wawo wakale wobiriwira uja m'chikwama, namuchapa okha. Amayi tinawauza kuti tikupita kukagula usipa.

Tinafika ku Kande dzuwa lili paliwombo, mchenga ukuwotcha mapazi. Maminibasi a ku Mzuzu anali mbwee, zimasipika zikulira mbali zonse. Anthu anapanga bwalo pafupi ndi mabwato. Alamu anamugwira Mateyu chanza, kenaka anayamba kufotokoza m'Chingerezi pang'onopang'ono, akuwerenga zala. Nkhonya ayi. Kumutu ayi. Ndi kugwetsana ndi kupindana basi, ndipo amene wamenya katatu ndi dzanja wagonja, ndewu yathera pomwepo. Atamaliza anatembenukira kwa ine.

"Alamu, uza iye."

Mateyu Chingerezi samva. Bwalo lonse linkadikira ine, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni Febuluwale palibe amene ankaseka.

"Akuti akupatsani mphindi imodzi," ndinatero, "kenaka muitanitse akazi anu adzakutoleni."

Anthu anakuwa. Alamu anamwetulira poganiza kuti akondwera ndi malamulo. Mateyu analavula pansi.

"Yewu, ada," anatero m'Chitonga. "Tiwonengi," ndiye kuti tiona.

Achemwali, amuna anu ankaidziwa ntchito yawo, izi ndiye ndisawalande. Mateyu anabwera ngati ng'ombe, iwo anangowerama n'kumukolopola miyendo. Tisanaphethire n'komwe, chimunthu chija chinali chagada, alamu atagona mopingasa pachifuwa pake, mkono wake atauika pakati pa ntchafu zawo n'kumaukoka. Mateyu anabangula. Ndi dzanja linalo anayamba kuwamenya alamu pamwendo, phwa, phwa, phwa, mmene munthu amachitira ndi ululu ndi ukali. Iye ankamenya ndewu. Alamu anamva katatu.

Anamasula pompo. Anadzuka, nasasa mchenga, natembenukira kwa anthu manja ali m'mwamba. Nkhope imeneyo inu simunaionepo, chifukwa munawapeza atayamba kale kugonja. Anali ngati mnyamata wa m'kanema wa ku Japan uja.

Mateyu sankadziwa kuti wagonja. Palibe amene anamuuza. Iye anaona ngati mlendo wamutaya dala pofuna kumuchititsa manyazi. Anadzuka kumanzere kwa alamu, mbali ya diso lakufa ija, mkono umodzi ukulendewera, winawo atakunga chibakera. Ine ndinali mapazi atatu okha kuchokera pomwepo. Mawu ofunika anali amodzi, akuti yatha. Ndayesa kuwerengera nthawi yake pakanemayo, ndipo ndapeza kuti ndikanatha kuwanena kawiri.

Nkhonya inatera kuseri kwa khutu. Pogwa, mutu unamenya m'mphepete mwa bwato, ndipo phokoso lake linamveka ngakhale masipika ankalira. Anthu anamunyamula Mateyu m'mwamba. Wina anakuwa kuti Brazil yatuluka, bwalo lonse n'kuseka. Panapita nthawi ndithu asanazindikire kuti munthu wagona pansiyo sakudzuka, ndipo ena anapitiriza kujambula.

Kuchipatala anakhalako masiku asanu ndi anayi. Ndi masiku aja ndinkakuuzani kuti netiweki ikuvuta, kenaka kuti agwa kubafa ndipo akupumula.

Sabata yatha Mateyu anabwera kunyumba, mkono uli m'chitenje, atanyamula kampango wamkulu. Mphunzitsi wina wa ku Bandawe anaonera kanemayo n'kumumasulira zimene alamu ananena. Chimunthu chija chinagwada pamaso pa Amayi misozi ili chuchuchu. Kenaka chinandiyang'ana ine.

"Ada, munthu uyu akanandithyola mkono, koma anandisiya. Bwanji simunandiuze?"

Ndinati kunali phokoso. Amayi anakana nsombayo n'kulowa m'nyumba. Ine ndinalandira, poti kutaya kampango ndi tchimo, ndipo tinadya masiku awiri. Mukamaonera kanemayo mundizindikira msanga. Ndavala malaya ofiira aja munanditumizira pa Khirisimasi, ndipo ndapinda manja pachifuwa.

Tsopano ndikuuzeni mmene alili, kuti musadzakomoke pofika. Amayenda pogwira khoma. Dzanja lamanja limanjenjemera, moti timachita kuwamwetsa. Chingerezi chambiri chawathawa, amangoyankhula chakwawo ndi nkhuku. Zimene zachitika m'mawa, pofika masana aiwala. Wowasambitsa ndine, wowasintha ndine, chifukwa tsopano amene akunyowetsa buluku pakhomo pano si ine. Tsiku loyamba nditaona zimenezi ndinamva kukoma mumtima, achemwali. Ndinadikira kuti manyazi abwere, ndipo anabweradi, koma mochedwa komanso ochepa. Dzina la a Likodzo linatha. Masiku ano ndikamadutsa pamsika anthu amangotsitsa mawu. Amayi sandiyankhula, akafuna kanthu amatuma Winnie. Winnie naye anasamutsira mphasa yake kuchipinda kwa Amayi, akuti akuwathandiza miyendo.

Sindikupempha kuti mundikhululukire, poti ndikudziwa mtima wanu, munatengera Abambo. Chimene ndikupempha ndi matewera a akuluakulu, chifukwa kuno sapezeka ndipo sopo akutha msanga. Mapiritsi aja atsala a masabata awiri. A Queen abwerera pa 20, mukhoza kuwapatsira. Ngati m'chikwama mutatsala malo, nsapato zanga za kuntchito zinang'ambika, ndimavala 8.

Amayi akupereka moni. Akuti mubwere, ngakhale ntchito ithe. Winnie akupereka moni. A kwaya ya amayi anabwera Lachinayi kudzapemphera, nawonso akuti moni. Mateyu anati ndikuuzeni kuti mukadzafika adzabwera kuti mumuchite chilichonse chimene mungafune.

Amuna anu ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anangofunsa funso lawo la masiku onse. Chibwerereni kuchipatala, akangodzuka amagwira kuseri kwa khutu n'kufunsa kuti, "Ndawina?" Amayi amayankha msanga kuti eya mwanangu, mwawina. Koma iwo sakhulupirira Amayi, amadziwa kuti kunyanja kuja kunalibe. Amatembenuza mutu wonse kuti andipeze ndi diso lamoyo lija, n'kudikira. Pa malamulo awo anawinadi, mwaukhondo, mphindi isanakwane, ndipo pakhomo pano ndine ndekha amene ndinaona ndi maso. Ndayesa kangapo kutsegula pakamwa kuti ndiwauze. Chimene chimatuluka n'chakuti ayi alamu, munagwa. Amalira pang'ono, amaiwala, mawa lake amafunsanso.

Kalatayi ikakufikani, Lamulungu mukaimba foni ndidzawapatsa, netiweki sidzavutanso. Adzakufunsani inunso. Mukonzeretu yankho, koma mudziwe kuti akakumverani adzayang'ana kwa ine.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Ganizani